A Tekiniko ndi Mbewu Yofiira

Uthenga wa imfa ya a Tekiniko unafika kuno ku Zobwe Lachiwiri m'mawa. Anabwera nawo mayi wina wogulitsa tomato amene amaoloka malire tsiku lililonse. Anaunena ali chiimire pa mjigo, dengu lili pamutu, kuti mdala uja wa mbewu wamwalira kwawo ku Neno ndipo anamuika kale Loweruka. Amayi amene anali pamzere anadandaula pang'ono, kenaka mmodzi anafunsa kuti, "Si uja anafuna kupha mwana wa a Domingo?" Onse anatembenukira kwa ine, chifukwa a Domingo ndi amuna anga ndipo mwanayo ndi Anita wanga. Ndinavomera ndi mutu, n'kusenza ndowa yanga isanadzaze.

Ndikulemba izi chifukwa mawu amenewo ndi abodza, ndipo bodzalo linatuluka pakamwa panga. Ndakhala nalo zaka zisanu. Chimene chinanditseka pakamwa ndi mantha akuti ndikanena zoona, abale a amuna anga anditengera Anita n'kupita naye ku Moatize. Iwo ndi Anyungwe, kwawo mwana ndi wa bambo, si ngati kwathu. Mantha amenewo sanandichoke, ngakhale pano pamene ndikulemba.

Dzina lawo anali a Matewere. La Tekiniko tinawapatsa ndife titafika kuno, poti ndi mmene amatchulira mlangizi wa zaulimi m'Chipwitikizi. Anali Mmalawi, wopuma pantchito, mkazi wawo atamwalira kale. Tinawadziwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi komweko, kumene ankatiphunzitsa kudzala ndiwo pa kamalo kongokwana mphasa. Mtendere wa 1992 utabwera, magalimoto atayamba kutibweza kwathu, tinawapeza atakhala kale pa mtolo wa makasu kumbuyo kwa lole.

"Madala, mwasochera," anatero bambo wina. "Iyi ikupita ku Mozambiki."

"Ndikudziwa. Ndikufuna ndikaone ngati munda weniweni mungauthe, kapena mumangotha pakamwa."

Anthu anaseka, poganiza kuti akatsikira pamalire. Sanatsike. Bungwe lina lothandiza anthu obwerera linawalola kuti azigwira nalo ntchito, linafunanso kuwapatsa nyumba ya malata pafupi ndi msewu, koma iwo anakana. Anamanga yawo ya udzu pakati pa ife, n'kumadya chomwe ife tinkadya. Ana awo a ku Blantyre ankalemba makalata owaitana, iwo ankawerenga n'kuwapinda bwinobwino, kenaka n'kukulungiramo njere za mpiru.

Sanali munthu wokoma kucheza naye, ndisakunamizeni. Akafika pakhomo sankayamba ndi moni. Ankayamba ndi kumunda, n'kutapa dothi, kulinunkhiza, nthawi zina kulilawa kumene, ndipo pobwerera m'pamene ankati mwadzuka bwanji. Ankavala nsapato za jombo zodula m'kakolo, mvula kapena dzuwa. Munthu akalima mizere yokhota ankamuuza pamaso pa mkazi wake. Tsiku lina anakalipira katekisiti kutsogolo kwa tchalitchi chifukwa chotentha mapesi, mpaka mapemphero anachedwa kuyamba. Ankakonda kunena kuti ufa wopatsidwa umangochedwetsa njala, ndipo munthu amasiya kukhala wothawa nkhondo tsiku limene wadya chimanga cha m'munda mwake, osati tsiku limene watsika lole. Njira iliyonse yatsopano yopita kuminda yakale, kumene tinkaopa mabomba okwirira, ankaikaniza mpaka ochotsa mabomba atadutsa, ndipo atadutsa ankayamba kuyendamo ndi iwo, okhaokha, ife tikuonerera patali.

Koma chimene anthu anawadera nacho chinali mbewu. Bungwe lija linabweretsa mbewu ya chimanga yothira mankhwala, yofiira ngati njerwa yootcha. Kwina konse ankaigawa ikangofika. A Tekiniko anaitsekera m'migolo m'nyumba mwawo. Ankaipereka m'mawa wa tsiku lotsatira mvula yodzalira, m'mphepete mwa munda wa mwini wake, ndipo ankaima pomwepo mpaka phando lomaliza litakwiriridwa. Ankati kumsasa anaona ndi maso awo kuti mbewu yoperekedwa mvula isanagwe imathera mumphika.

A Jusa, amene anali msilikali nthawi ya nkhondo, ndiwo ankalimbana nawo kwambiri.

"Kodi mbewuyo ndi ya bambo anu?"

"Ikanakhala ya bambo anga ndikanakupatsani mudye, a Jusa, tipumeko."

"Mukugulitsa ku Mwanza inu. Tikudziwa."

"Lowani mukanyamule mgolowo, muone ngati wapepuka. Mukathyoka msana musandiitane."

Ngakhale atawathamangitsa m'dziko muno, khalidwe limeneli sanalisiye. Chaka chilichonse, mvula yoyamba ikangogwa, m'mawa mwake tinkawaona akutsika phiri podzera njira za anthu ozembetsa katundu, matope mpaka m'mawondo, kathumba ka mbewu ya makolo kali paphewa, yosankha okha, yopanda utoto. Anthu mbewuyo ankalandira. Koma akamadutsa, amayi ankakokera ana awo kumbuyo kwa zitenje. Apolisi a pamalire anawagwirapo kamodzi n'kuwakhazika padzuwa tsiku lonse. Chaka chotsatira anabweranso. Ine ndinkaona zonsezi ndili pakhonde, ndipo ndinkalowa m'nyumba n'kumayerekeza kusesa.

Tsopano ndinene mmene anawathamangitsira.

Chinali chaka chachiwiri chibwerereni. Ufa wa bungwe unali utasiya kubwera, mvula nayo inachedwa. Amuna anga anali ku Moatize kufunafuna ganyu yokweza malasha m'magalimoto, ndipo panapita miyezi iwiri osamva za iwo. Anita anali ndi zaka ziwiri. Kwa masiku ambiri chakudya chake chinali mango osapsa ophika, ndipo anafika posiya kulira, ankangondiyang'ana. Pamenepo n'kuti a Tekiniko akugona pambali pa migolo yodzaza chimanga. Ndinkawada masiku amenewo, ndinkawada ndithu.

Ine ndili ndi setifiketi ya uphunzitsi ya kukoleji ya ku Malawi. Kuno aliyense amene ndinamuonetsa ankaitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera, poti sinali m'Chipwitikizi. A Tekiniko okha ndiwo ankanditchula kuti aphunzitsi. N'chifukwa chake ntchito yoyesa mbewu anandipatsa ine. Munthu amayala njere pa chiguduli chonyowa, n'kuchipinda, n'kudikira masiku angapo kuti aone ngati zambiri zimere. Anandipatsa zodzaza dzanja limodzi.

M'mawa mwake ndinabwerera, ndinati nkhuku za eni ake zadya. Anandipatsanso. Tsiku lachitatu ndinati makoswe.

"Makoswe akufawo mwawataya kuti?" anafunsa.

"Sindinawaone."

"Khoswe wodya iyi sapita patali, aphunzitsi."

Anandiyang'ana kwa nthawi. Kenaka anatapanso, koma asanandikhuthulire m'manja anati, "Iyi si chakudya. Ngakhale mutatsuka kakhumi, mankhwalawo analowa m'kati mwa njere. Mwandimva?" Ndinati ndamva. Ndinamvadi, mawu alionse.

Koma ndinali nditamvanso zina. Kumsasa kuja amayi ankanena kuti mbewu yofiira ukaitsuka kasanu ndi kawiri m'madzi a phulusa n'kuiyanika, imakhala chimanga ngati china chilichonse. Ena ankalumbira kuti anadya ndipo sanamve kanthu. Ndinapita kumtsinje, kuseri kwa miyala kumene anthu safikako. Madzi oyamba anafiira, achitatu anafiirira pang'ono, achisanu ndi chiwiri anayera mbee. Ndinadziuza kuti mdalayo amangotiopseza kuti tisadye mbewu yake. Ndinayanika, ndinasinja mwakachetechete, ndinaphika phala. Ine sindinalawe ngakhale pa chala, ndinkati lonse likhale la mwana. Anita anamaliza, n'kunyambita supuni.

Dzuwa lisanapendeke anayamba kusanza. Malovu ankangotuluka, manja akunjenjemera, thupi lonse thukuta. Ndinamunyamula n'kuthamangira kumunda kumene a Tekiniko ankakonza migula. Sanandifunse chilichonse. Anagwira dzanja langa n'kulitembenuza, n'kuona kufiira kumene kunatsalira m'zikhadabo. Kenaka anandilanda chitenje, anabereka mwanayo kumsana ngati mzimayi, n'kuyamba kuthamanga. Munthu wa imvi mutu wonse, jombo zikulira, ine wa zaka makumi awiri ndi mphambu ndikulephera kuwapeza. Titafika kuchipatala chaching'ono cha pamsewu, namwino anafunsa chimene mwana wadya. Anayankha ndi a Tekiniko, osati ine. Iwo anati, "Mbewu yofiira. Fulumirani."

Anita anatsegula maso bwinobwino tsiku lachitatu. Mpaka lero akangoti mutu ukupweteka, kapena akachedwa kuyankha ndikamuitana, mtima wanga umabwerera ku phala lija. Ndimamuyeza ndi ana anzake, ndimafunsa aphunzitsi ake ngati amagwira zinthu msanga. Amati ali bwino. Sindimakhulupirira kwenikweni.

Namwino analemba lipoti, ndipo linapita ku Moatize, kumene kuli akuluakulu a boma. Uthenga unawapezanso amuna anga, ndipo anabwera ndi amayi awo, a Dona Rufina. Apongozi anga sanakhale n'komwe pansi. Anamutenga Anita m'manja mwanga, n'kumuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, kenaka anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Make Anita, iwe unapita kusukulu kuposa tonse. Munthu wophunzira sangapatse mwana poizoni akudziwa. Ngati unadziwa, mdzukulu wangayu akwera nane galimoto lero lomwe, ndipo sudzamusambitsanso. Mmalawiyo anakuuza kapena sanakuuze?"

Ndinati sanandiuze.

Patapita sabata tinaitanidwa tonse ku Moatize. Kunali kotentha, fumbi la malasha linkamata m'khosi ndi m'makwinya a zovala. Tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu. Anita anali pamiyendo ya apongozi, ndipo chichokereni ku Zobwe sanandipatseko ngakhale kuti ndimumwetse madzi. A Tekiniko anakhala kumapeto kwa benchi, atavala jekete limene sindinaliwonepo, lalifupi m'manja.

M'kati munali shefi, mkulu wa ofesiyo, ndi womasulira. A Jusa anayamba, ananena zogulitsa mbewu ku Mwanza, ananenanso kuti mlendo sangamatsekere chakudya eni dziko. Shefi anafunsa mapepala. A Tekiniko anatulutsa kalata ya bungwe lija, yong'ambika m'mapindiro, nthawi yake itatha kale. Wa bungwe amene anabwera anangoyang'ana nsapato zake.

Kenaka womasulira anatembenukira kwa ine.

"Mayi, shefi akufunsa. Mbewuyo anakupatsani ndani?"

"A Tekiniko."

"Kangati?"

"Katatu."

"Anakuuzani kuti ndi yakupha?"

Ndinamva Anita akutsokomola kumbuyo kwanga, ndinamvanso apongozi akumusuntha kumuika pa mwendo wina. Ndinkadziwa kuti a Tekiniko akhoza kunena za makoswe, za zikhadabo zanga, za mawu amene anandiuza, ndipo kuti shefi akanandifunsa kachiwiri ndikanalira n'kuvomera.

"Sanandiuze."

Shefi analankhula kwa nthawi yaitali, womasulira anafupikitsa. "Madala, mukuti bwanji?"

Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana mwanayo ndi manja amene anamugwira. Kenaka anati, "Ndinaiwala, bwana. Ndi ukalamba."

Munthu amene ankakumbukira tsiku limene munda uliwonse wa m'mudzi unadzalidwa anati anaiwala, ndipo onse m'chipindamo anakhulupirira, chifukwa n'zimene ankafuna kumva. Anawapatsa masiku atatu kuti akhale atatuluka m'dziko. Panja apongozi anandibwezera Anita n'kunena kuti, "Mugwiritse." Pobwerera tinakwera galimoto imodzi ndi a Tekiniko, ulendo wonse wokwera mapiri uja, iwo atakhala pa tayala moyang'ana kumbuyo. Mvula inagwa tsiku lachiwiri la masiku atatuwo. M'mawa mwake anagawa mbewu yonse, munda ndi munda, monga mwa nthawi zonse, kuyambira kwa a Jusa. Kwa ine anafika masana. Anaima m'mphepete mpaka ndinakwirira phando lomaliza, ndipo madzulo ake anaoloka malire.

Chimanga cha chaka chimenecho ndicho chinali choyamba kulowa m'nkhokwe zathu. Lero anthu a kuno amagulitsa chimanga ndi nyemba pamalire, ena anafolera ndi malata, ndipo aliyense amasunga mbewu yake pamwamba pa moto monga anatiphunzitsira. Koma dzina lawo likatchulidwa, chimene chimabwera patsogolo ndi mwana wa a Domingo.

Ndinayesapo kamodzi kulankhula nawo. Chinali chaka chatha, ulendo wawo womaliza, atayamba kuyenda ndi ndodo. Anandipeza ndekha m'munda.

"A Tekiniko, ine ndimafuna ndinene kuti..."

"Mwanayo akudya bwino?"

"Akudya."

"Wayamba sukulu?"

"Wayamba."

"Mizere yanuyi yatalikirana, aphunzitsi. Mukutaya malo."

Anapitirira kumunda wotsatira. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kukhululuka kapena kusafuna kundimva. Ndaganiza za zimenezi kambirimbiri ndipo yankho limasintha.

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, katekisiti anati ngakhale maliro anachitikira kutali, ndi bwino tikakhaleko pang'ono pamalo pamene a Tekiniko ankakhala. Tinapita ochepa. Amuna anga anali kuno sabata imeneyo, anabwera nawo. Abambo anakunkhuniza miyala n'kukhalapo, amayi tinakhala pansi. A Jusa, amene tsopano ali ndi nkhokwe ziwiri, anati mdalayo ulimi ankaudziwa, kungoti anali wosasamala, anatsala pang'ono kutiphera mwana. Anthu anang'ung'udza movomereza.

Sindinakonzekere. Ndinangomva mawu anga akutuluka, okwera kuposa mmene ndimalankhulira.

"Anandiuza."

"Mukuti chiyani, make Anita?" anafunsa katekisiti.

"Anandiuza kuti ndi yakupha. Anandiuza kuti ngakhale nditsuke kakhumi. Ndinawanamiza kuti nkhuku zadya, ndinatsuka ndekha, ndinaphika ndekha. Ku Moatize ndinanama."

Mayi wina wachikulire amene anali pambali panga anayang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti, "Ifenso tinatsukapo, kumsasa." Amuna anga anaimirira, anasasa fumbi pa thalauza, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Zaka zisanu, make Anita?"

"Zisanu."

"Amayi amve zimenezi kwa ine, asazimvere pamsika."

Lolemba m'mawa anakwera galimoto ya ku Moatize. Sananene tsiku lobwera, sananenenso ngati abwera okha. Lero ndi Lachisanu. Anita ndimamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi, ndimakamutenganso, ndipo galimoto iliyonse ikaima pamsewu ndimasiya chimene ndikuchita. Zovala zake ndachapa zonse, sindikudziwa chifukwa chake.

Dzulo pobwera kusukulu tinadzera pamalo paja. Denga linagwa kalekale, mitengo yake anthu anasonkhezera. Chitseko wina anakatsekera khola la mbuzi. Makoma atsala ofika m'chiuno, ndipo mbali yoyang'ana kuphiri mvula yaisungunula mpaka yasanduka chulu. M'kati mwamera chisoso ndi bonongwe, pakona pali kamtengo ka papaya kamene palibe amene anakadzala. Malo omangapo nyumba masiku ano anthu amakanganirana mpaka kumenyana, koma pamenepa palibe amene anakhomapo chikhomo, ndipo njira ya kumjigo imakhota kulambalala. Miyala imene abambo anakhalira Lamulungu ikadali pomwepo, mozungulira, moyang'ana khomo lopanda chitseko. Anita anandisiya dzanja, anakakhala pa mwala umodzi n'kuyamba kuchotsa chisoso chimene chinamata pa sokosi zake. Ndinamudikira mpaka anamaliza.